Anthu opeka amene ankaseketsa America pa wailesi

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kukafika chapakati pa zaka za m'ma 1950, wailesi ndiyo inali chisangalalo chachikulu cha m'nyumba ku United States. Mu 1930 nyumba pafupifupi 4 mwa 10 zilizonse zinali ndi wailesi, ndipo pofika 1940 zinali zitaposa 8 mwa 10. Wailesi ya masiku amenewo sinali kanthu kopisa m'thumba. Inali chibokosi chamatabwa choima pabalaza, ndipo banja lonse linkakhala mochizungulira likatha kudya mgonero. Pankamveka nkhani, nyimbo, masewero a apolisi ndi achikondi, koma mapulogalamu amene ankakopa anthu ochuluka chaka ndi chaka anali oseketsa. Mwa oseketsawo, amene anakhalitsa sanali a munthu woima pa maikolofoni n'kumathira nthabwala motsatizana. Anali a anthu opeka, okhala ndi dzina, nyumba, anansi ndi zofooka zawo, amene omvera anafika powadziwa ngati abale awo.

Chinachititsa zimenezi ndi dyera la wailesi yomweyo. Azisudzo ambiri amene anatchuka pa wailesi anakulira mu vaudeville, zisudzo zoyendayenda za m'maholo momwe oimba, ovina, amatsenga ndi anthabwala ankasinthana pa nsanja. Kumeneko munthu ankatha kudyera nthabwala za mphindi 15 kwa zaka zambiri, poti sabata iliyonse ankakumana ndi nkhope zatsopano m'tauni ina. Wailesi inathetsa mwayi umenewo. Nthabwala ikangonenedwa kamodzi pa nyumba youlutsira mawu ya NBC, yomwe inayamba mu 1926, kapena pa CBS ya mu 1927, dziko lonse linali litaimva, ndipo sabata yotsatira pankafunika ina. Ena analimbana nazo pogula nthabwala zakale kwa alembi n'kumangozisintha mayina. Ed Wynn ankafika pa maikolofoni atavala zovala zoseketsa, zimene omvera kunyumba sankaziona n'komwe. Joe Penner anatchuka kwambiri cha mu 1934 ndi timawu tochepa timene ankatibwereza, koma anthu sanachedwe kutopa nato.

Khalidwe la munthu silitha ngati mmene nthabwala imathera. Munthu woumira akhoza kupita kumsika lero, mawa kuchipatala, mkuja ku ukwati, ndipo kulikonse kuumira kwakeko kubala nkhani yatsopano. Omvera akamudziwa bwino, amayamba kuseka asanatsegule pakamwa, chifukwa aona kale kumene zinthu zikulowera. Aliyense amene anatsatirapo Izeki ndi Jakobo ku Malawi akuidziwa mphamvu imeneyi: phwete linkayamba pongomva kuti awiriwo akumana. Pa mfundo yomweyi ndi pamene panamangidwa masewero otchuka a nyengo ya wailesi.

Oyamba kusonyeza kuti anthu opeka akhoza kugwira dziko lonse anali Freeman Gosden ndi Charles Correll. Anayamba mu 1926 pa siteshoni ya WGN ku Chicago ndi sewero la Sam 'n' Henry, ndipo mu 1928 anasamukira ku WMAQ n'kulisintha dzina kukhala Amos 'n' Andy. Mu August 1929 linayamba kumveka dziko lonse pa NBC, mphindi 15 pafupifupi madzulo alionse, mothandizidwa ndi kampani ya mankhwala otsukira mano ya Pepsodent. Nkhani yake inali ya amuna awiri akuda ochokera kumwera amene anapita kumzinda kukasaka ntchito n'kutsegula kampani ya matakisi yokhala ndi chiphapha chimodzi cha galimoto. Amos anali wolimbikira ndi woona mtima, Andy waulesi ndi wodzitama, ndipo Kingfish, mkulu wa kabungwe kawo, anali tambwali wosasowa njira yodyera ndalama za Andy. Miyezi yochepa sewerolo litayamba kumveka dziko lonse, chuma cha America chinalowa pansi ndipo m'mabanja ambiri zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Anthu anapeza mavuto awo omwe m'nkhani za ngongole ndi kusowa ntchito za amuna awiriwa. Cha mu 1930 ndi 1931 omvera ake ankayerekezedwa kuti anali pafupifupi 40 miliyoni, ndipo nyumba zina zoonetsera kanema zinkaimitsa filimu kuti anthu amvere kaye Amos 'n' Andy.

Sewero limeneli lili ndi chilema chimene sichingabisike. Gosden ndi Correll anali azungu, ndipo kalankhulidwe kamene ankapatsa anthu awo kanachokera ku zisudzo zakale momwe azungu ankadzipaka mwaye kumaso n'kumanyogodola anthu akuda. Mu 1931 nyuzipepala ya anthu akuda ya Pittsburgh Courier, pansi pa mkonzi wake Robert L. Vann, inasonkhanitsa masiginecha opempha kuti sewerolo lichotsedwe. Panali anthu akuda ena amene ankalikonda, koma odandaulawo ankanena zoona: mamiliyoni a azungu amene analibe mnansi wakuda ankaphunzira za anthu akuda kudzera mwa azungu awiri owasanzira. Luso limene Gosden ndi Correll anasiyira anzawo linali la kamangidwe ka nkhani, kuti tsiku lililonse ithere pamalo osiya mtima m'malere, komanso kuti anthu ake akhale ndi moyo umene ukupitirira ngakhale wailesi itazimitsidwa.

Amene anafikitsa luso limeneli pachimake anali Jack Benny. Anabadwa mu 1894 ku Chicago, dzina lake lenileni lili Benjamin Kubelsky, ndipo anakulira ku Waukegan m'chigawo cha Illinois. Analowa mu vaudeville ngati woimba vayolini, kenako nthabwala zinaposa nyimbo. Pulogalamu yake inayamba pa 2 May 1932, ndipo kuyambira 1934 inakhazikika Lamlungu madzulo, nthawi ya 7 koloko, malo amene inakhalapo mpaka 1955. Poyamba Benny ankangonena nthabwala pakati pa nyimbo ngati anzake onse. Pang'ono ndi pang'ono iye ndi alembi ake, Harry Conn poyamba, kenako Bill Morrow ndi Ed Beloin, anamanga munthu wina wa dzina lomwelo: Jack Benny wouma manja, wodziona kukongola, wonamiza zaka zake, wodzitcha katswiri wa vayolini chonsecho akaigwira anthu amatseka makutu. Ankaumirira kuti ali ndi zaka 39 pamene dziko lonse linkadziwa kuti anadutsa 50. M'nyumba mwake munali foni yoponyamo ndalama kuti alendo asamaimbe ulere. Galimoto yake inali Maxwell yakalekale imene inkatsokomola ndi kubuula isanalire, ndipo kawirikawiri phokoso lonselo linkatuluka pakamwa pa Mel Blanc, yemwe ankalankhuliranso Bugs Bunny m'makatuni.

Chachilendo pa pulogalamuyi chinali chakuti mwini wake ndiye ankasekedwa. Anthabwala ena ankasunga mawu okoma onse n'kumagwiritsa ntchito anzawo ngati makwerero. Benny anatembenuza zinthu. Anadzizunguliza ndi anthu oti azimugemula, ndipo aliyense anali ndi khalidwe lakelake. Mary Livingstone, amene anali mkazi wake weniweni koma m'seweromo ankangokhala bwenzi, ankaphulitsa kudzitama kwake ndi mawu amodzi. Phil Harris, mtsogoleri wa gulu loimba, anali wokonda kachaso ndi akazi, wosadziwa kuwerenga bwino koma wodzidalira kotheratu. Dennis Day, amene analowa mu 1939, anali mnyamata wa mawu okoma poimba koma wa maganizo opotoka, wolamuliridwa ndi mayi ake. Don Wilson, muulutsi wonenepa, ankafunafuna mpata wolowetsa malonda a kampani yolipira pulogalamuyo. Frank Nelson ankatulukira paliponse pamene Benny wapita, lero ali wogulitsa m'sitolo, mawa wogulitsa matikiti a sitima, ndipo nthawi zonse ankamulandira mwachipongwe. Benny ankawapatsa onsewa mizere yoseketsa kwambiri, iye n'kutsala ndi kudabwa, kung'ung'udza ndi kukhala chete.

Kukhala cheteko n'kumene kunali chida chake chachikulu, ndipo chitsanzo chodziwika ndi cha pa 28 March 1948. Benny akuyenda usiku kubwerera kunyumba, omvera akungomva mapazi ake. Munthu akumuimitsa ngati wopempha machesi, kenako akutulutsa mfuti n'kumuuza kuti asankhepo chimodzi, ndalama zake kapena moyo wake. Benny sakuyankha. M'situdiyo anthu ayamba kale kuseka, poti zaka zonsezi akhala akumudziwa munthu ameneyu, ndipo akudziwa kuti kwa iye funsolo ndi lovutadi. Wakubayo akubwereza mokalipa, ndipo Benny akumubweza mopsa mtima kuti adikire, akuganizira kaye. Mawu amenewa atalembedwa papepala n'kupatsidwa munthu wina aliyense, sangaseketse kwenikweni. Anaseketsa chifukwa omvera anali atasunga m'mutu foni yoponya ndalama ija, Maxwell ija, ndi malipiro ochepa a antchito ake. Nthabwalayo inakonzedwa kwa zaka zoposa 10, ndipo theka lake analemba ndi omvera eni ake.

Chimodzimodzi ndi chipinda chake chosungira ndalama, chimene chinali pansi pa nyumba. Omvera ankamva Benny akutsika masitepe osatha, maunyolo akulira, zitseko zachitsulo zikukwekwesa, mpaka atafika kwa mlonda wake Ed, amene anakhalitsa pansipo moti ankafunsa nkhani za kunja zimene zinatha kalekale. Akatsegula sefa, mabelu ndi malipenga ochenjeza ankalira motsatizana, ndipo zonsezi zinali zoti atengemo kandalama kochepa kokha. Pa wailesi, palibe amene ankachiona chipinda chimenechi. Womvera aliyense ankachimanga m'mutu mwake, chachikulu ndi chamdima kuposa mmene kamera ikanachionetsera. Apa ndi pamene wailesi inali ndi mwayi woposa kanema.

Anthu opekawa ankathanso kudumpha malire a pulogalamu yawo. Mu December 1936, pa pulogalamu ya wanthabwala mnzake Fred Allen, mnyamata wa zaka 10 dzina lake Stuart Canin anaimba vayolini mwaluso, ndipo Allen anaponya mawu oti Benny achite manyazi ndi kaimbidwe kake. Benny anabweza Lamlungu lotsatira, Allen nayenso anabweza, ndipo mkanganowo unakhala m'kamwam'kamwa. Pa 14 March 1937 anakumanitsidwa pa pulogalamu youlutsidwa kuchokera ku Hotel Pierre mu New York, dziko lonse litatchera khutu. Awiriwa anali mabwenzi, ndipo anapitiriza kutonzana pa wailesi kwa zaka zambiri. Benny weniweni analinso wosiyana ndi wa pa wailesi. Ankadziwika kuti ndi wopatsa, ndipo m'zaka zake zomaliza ankaimba vayolini m'makonsati osonkhetsa ndalama zothandizira magulu a oimba.

Pa anthu onse omuzungulira, wofunika kwambiri anali Rochester, wantchito wake wa m'nyumba. Eddie Anderson, amene ankamusewera, anamveka koyamba pa 28 March 1937 ngati wonyamula katundu m'sitima, ndipo mawu ake osasa anakondedwa kwambiri moti alembi anamupezera malo okhazikika. Anakhala munthu wakuda woyamba kukhala ndi gawo lokhazikika pa pulogalamu yomveka dziko lonse, ndipo m'zaka za m'ma 1940 anali mmodzi mwa azisudzo akuda olandira ndalama zambiri. M'zaka zoyambirira alembi ankamupatsa nthabwala za njuga ndi mowa, zochokera ku maganizo olakwika omwe aja onena za anthu akuda. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, zambiri mwa izo zinachotsedwa. Chimene chinatsala ndi wantchito wochenjera kuposa bwana wake, womuyankha mopanda mantha, wodziwa chinsinsi chilichonse cha m'nyumbamo. Rochester anakhalabe wantchito, ndipo zimenezo zikuonetsa pamene dziko linaika malire kwa azisudzo akuda. Komabe m'dziko la tsankho lokhwima chomwecho, mamiliyoni ankamva Lamlungu lililonse munthu wakuda akupambana mzungu pa mkangano.

Pamene Benny ankaseweretsa moyo wa anthu otchuka a ku Hollywood, Fibber McGee and Molly inali ya anthu wamba a m'tauni yaing'ono. Jim ndi Marian Jordan, banja lenileni lochokera ku Peoria, anayamba sewerolo pa NBC mu April 1935, wolemba wake ali Don Quinn, ndipo kwa zaka 15 linkalipiridwa ndi kampani ya polishi ya Johnson's Wax. Kamangidwe kake kanali kosavuta. McGee, bambo wokonda kukokomeza ndi kudzitama, amayamba kantchito kakang'ono pa nyumba yawo ya nambala 79 Wistful Vista, monga kukonza chitseko kapena kusaka chinthu chotayika. Molly, mkazi wake wodekha, amamuyang'anira moleza mtima. Ndiyeno anansi amagogoda mmodzimmodzi, aliyense ndi vuto lake: meya La Trivia, amene banjali linkamusokoneza mpaka lilime kumupota ndi ukali, Wallace Wimple, bambo wofatsa wozunzidwa ndi mkazi wake wamphamvu, nkhalamba yogontha yokonda kukonza nkhani za anzake, ndi kamtsikana ka pafupi, Teeny, kamene mawu ake ankalankhula ndi Marian Jordan yemweyo. Anthu ena otchuka a m'seweroli pafupifupi sankamveka mawu konse. Mkazi wa Wimple ankangodziwika kudzera m'madandaulo a mwamuna wake, ndipo Myrt, wolumikiza mafoni, ankadziwika ndi mayankho a McGee okha.

Kuyambira mu March 1940 m'nyumba imeneyi munatchuka kabati ya pakhonde la m'kati, yodzaza ndi katundu wosafunika. McGee akangonena kuti chinthu chimene akufuna chili m'kabatimo, Molly ankakuwa kuti asatsegule, koma mochedwa. Katundu ankakhuthuka kwa kanthawi ndithu. M'situdiyo akatswiri a phokoso ankasanja mapoto, zitini, nsapato ndi zitsulo pa masitepe n'kuzigwetsa motsatizana, ndipo phokosolo likamatha pankamveka kabelu kakang'ono, kenako McGee n'kulonjeza kuti tsiku lina adzaikonza kabatiyo. Sanaikonze. Alembi sankaitsegula sabata iliyonse, podziwa kuti kudikira n'kumene kunkakometsa. Phokoso palokha silinali nthabwala. Chinkaseketsa n'chakuti kabatiyo inali McGee yemwe: munthu wozengereza, wosataya kanthu, wokhulupirira nthawi zonse kuti ulendo uno zikhala bwino.

Mmodzi mwa anansi a McGee anakula mpaka kupatsidwa pulogalamu yakeyake. Throckmorton P. Gildersleeve, bambo wodzikuza wa kaseko kodziwika, amene ankaseweredwa ndi Harold Peary, anasamukira ku tauni yopeka ya Summerfield pa 31 August 1941. The Great Gildersleeve ndi imodzi mwa mapulogalamu oyambirira kuphuka kuchokera m'pulogalamu ina. Kumeneko Gildersleeve anakhala mkulu woona za madzi m'tauni, bambo wosakwatira wolera ana awiri amasiye a m'bale wake, Marjorie ndi Leroy, mothandizidwa ndi Birdie wophika. Anali ndi anzake ocheza nawo: woweruza milandu Hooker amene ankakangana naye kosatha, Peavey wogulitsa mankhwala amene sankafuna kuvomera kapena kukana chilichonse, ndi Floyd wometa. Seweroli linkayenda mofatsa kuposa ena, ndipo nthawi inkadutsadi m'kati mwake. Marjorie anakula, anakwatiwa, anabereka mapasa. Kudzikuza kwa Gildersleeve kunkaseketsa, koma omvera ankaonanso kusungulumwa kwake ndi chikondi chake pa anawo. Masewero ambiri a pabanja a pa wailesi ya kanema anatengera njira imeneyi. Peary atachoka mu 1950, Willard Waterman analowa m'malo mwake ndi mawu ofanana kwambiri, ndipo sewerolo linapitirira.

Akazi sanali ongothandizira. George Burns ndi Gracie Allen atayamba kuchitira limodzi zisudzo mu vaudeville, Burns ndiye ankanena nthabwala, Gracie n'kumangofunsa mafunso. Anaona kuti anthu akuseka mafunsowo kuposa mayankho ake, ndipo anasinthana malo. Gracie wa pa wailesi sanali chitsiru. Anali ndi nzeru zakezake zoyenda mwadongosolo, kungoti zinkayambira pamalo olakwika n'kukafika kumene palibe amayembekezera, ndipo iye ankalankhula zonsezo ndi mtima woona. Mu 1933 ankatulukira mwadzidzidzi m'mapulogalamu a anthu ena akufunafuna mchimwene wake amene amati wasowa, ndipo mu 1940 anachita kampeni yoseketsa yofuna upulezidenti pansi pa chipani chopeka cha Surprise Party. Omvera atayamba kuchepa, Burns anazindikira kuti iye ndi Gracie akula kwambiri moti sangapitirize kusewera ngati achinyamata ofunsirana, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 anasintha sewerolo kukhala la banja, monga mmene analili kunyumba. Gertrude Berg ankalemba yekha komanso kusewera The Goldbergs kuyambira 1929, nkhani ya banja lachiyuda la ku Bronx. Eve Arden, mu Our Miss Brooks kuyambira 1948, anali mphunzitsi wa kusekondale wa lilime lakuthwa ndi malipiro osakwanira, wolimbana ndi mphunzitsi wamkulu wovuta, ndipo aphunzitsi enieni anamukonda chifukwa ankamuona ngati mmodzi wa iwo.

Panalinso Lum and Abner, nkhalamba ziwiri zoyendetsa kagolosale kumudzi wopeka wa Pine Ridge ku Arkansas. Anatchuka mpaka mudzi weniweni wa Waters unasintha dzina mu 1936 kukhala Pine Ridge. Vic and Sade ya Paul Rhymer inali ndi anthu atatu kapena anayi okha ocheza m'nyumba, koma kudzera m'macheza awo tauni yonse inkaoneka. Umboni wina waukulu wa mphamvu ya khalidwe ndi Edgar Bergen, katswiri wolankhulitsa chidole osagwedeza milomo. Luso lotere ndi la maso, ndipo pa wailesi linkayenera kukhala lopanda ntchito. Koma kuyambira 1937 chidole chake, Charlie McCarthy, kamnyamata kamwano kovala ngati bwana, chinali m'gulu la mayina otchuka kwambiri pa wailesi. Omvera sankasamala za milomo ya Bergen, ankamvera Charlie.

Ntchito yokonza masewerowa inali yolemetsa. Mapulogalamu akuluakulu sankapangidwa ndi nyumba zoulutsira mawu koma ndi makampani otsatsa malonda m'malo mwa kampani imodzi yolipira, n'chifukwa chake pulogalamu ya Benny inkadziwika ndi dzina la Jell-O kuyambira 1934, kenako Grape-Nuts, kenako fodya wa Lucky Strike kuyambira 1944. Alembi anzeru ankalowetsa malondawo m'nkhani momwemo. Kwa McGee, muulutsi Harlow Wilcox ankabwera ngati mlendo n'kupotoza macheza alionse mpaka afike pa polishi, McGee akudandaula. Sabata iliyonse pankafunika sewero latsopano la mphindi 30. Benny ankakhala pansi ndi alembi ake, amene kuyambira 1943 anali Sam Perrin, Milt Josefsberg, George Balzer ndi John Tackaberry, n'kumasefa mzere uliwonse, ndipo mzere woseketsa unkatayidwa ngati sukugwirizana ndi khalidwe la woulankhula. Pa tsiku loulutsa, azisudzo ankaima pa maikolofoni atagwira mapepala, kutsogolo kwawo kuli anthu oonerera amene kuseka kwawo kunkamveka m'nyumba za omvera. Zonse zinkaulutsidwa pompopompo. NBC ndi CBS zinkakana mapulogalamu ojambuliratu, choncho ambiri ankaseweredwa kawiri usiku umodzi chifukwa nthawi ya ku New York ndi ya ku California zimasiyana ndi maola atatu. Wina akaphonya mawu, dziko lonse linkamva, ndipo gulu la Benny linkadziwa kusandutsa cholakwacho kukhala nthabwala yobwerezedwa kwa masabata angapo. Lamulo loletsa kujambuliratu linayamba kugwa mu 1946, pamene Bing Crosby anapita ku ABC ndi pulogalamu yojambulidwa.

Mu 1948 ndi 1949 mkulu wa CBS, William Paley, anakopa Amos 'n' Andy, Benny, Bergen, komanso Burns ndi Allen kuchoka ku NBC. Maso ake anali kale pa wailesi ya kanema. Mu 1950 nyumba zosakwana 1 mwa 10 zinali ndi TV, koma pofika 1955 zinali zitaposa theka, ndipo ndalama za otsatsa malonda zinatsatira anthu. Masewero ena anasamuka bwinobwino. Burns ndi Allen analowa pa TV mu 1950, Benny anakhalapo kuyambira 1950 mpaka 1965, ndipo My Favorite Husband ya Lucille Ball inasanduka I Love Lucy mu 1951. Ena analephera. Kabati ya McGee itaonetsedwa ndi maso inasanduka kabati wamba, ndipo sewero la pa TV la mu 1959, lokhala ndi azisudzo ena, silinakhalitse. Amos 'n' Andy ya pa TV inaseweredwa ndi azisudzo akuda kuyambira 1951, koma bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linaitsutsa mwamphamvu, ndipo inasiya kupangidwa mu 1953.

Ku Britain wailesi inachedwerapo kugonja, ndipo kumeneko mtundu umenewu wa nthabwala unabala chipatso china chakupsa. Hancock's Half Hour inayamba pa BBC mu 1954, yolembedwa ndi Ray Galton ndi Alan Simpson. Iwo anachotsa nyimbo zapakati zimene mapulogalamu oseketsa ankakhala nazo, n'kusiya nkhani yokhayokha. Tony Hancock ankasewera munthu wosauka koma wodziona ngati wapamwamba, wokhala pa 23 Railway Cuttings ku East Cheam, amene maloto ake ankaphwanyika sabata iliyonse, kawirikawiri m'manja mwa mnzake wachinyengo woseweredwa ndi Sid James. M'gawo lina lotchuka la mu 1958, anthu a m'nyumbamo amangokhala Lamlungu masana, mvula ikugwa, alibe chochita, ndipo mbali yaikulu ya phwete imachokera ku kuusa moyo ndi kukhala chete. Pulogalamuyi inatha pa wailesi mu 1959.

Masewero ambiri a nyengo imeneyi akanatayika, poti ankaulutsidwa kamodzi kokha. Anapulumuka chifukwa makampani otsatsa malonda ndi azisudzo ena ankawajambula pa zimbale zikuluzikulu kuti azisunga, komanso chifukwa kuyambira 1942 Armed Forces Radio Service inkatumiza zimbale zotere kwa asilikali a America amene anali kunkhondo kutali. Pambuyo pake anthu okonda wailesi yakale anazitolera, kuzikopera pa matepi n'kumasinthana. Lero magawo mazanamazana a Jack Benny, Fibber McGee and Molly ndi The Great Gildersleeve akupezeka pa intaneti, ndipo BBC imabwerezabe Hancock's Half Hour pa Radio 4 Extra. Nthabwala zonena za andale ndi mitengo ya zinthu ya masiku amenewo zinazizira, ndipo zina zokhudza mitundu ya anthu zimapweteka kuzimva. Zimene zikuseketsabe ndi zomangidwa pa khalidwe, koma zimafuna kuti womvera watsopano atsatire magawo angapo motsatizana, chifukwa gawo limodzi lokha silikwanira kumudziwitsa anthuwo mmene omvera oyamba ankawadziwira.